Dasita ya Kachiwala

Dzina lawo lenileni linalembedwa pa chitseko cha kalasi yachiwiri, koma ndani amaliwerenga? Ana, makolo, ngakhale ahedi akaiwala, onse amangoti Mayi Tsekulani. Dzinali analipeza chifukwa cha mawu awo oyamba m'mawa uliwonse. Asanapereke moni, asanaike chikwama pa tebulo, amaima pakhomo, n'kununkhiza mpweya wa m'kalasimo, kenako n'kukuwa kuti, "Tsekulani mawindo! Kodi muno mwagona mbuzi?" Ana amathamangira ku mawindo akuseka, ndipo tsiku limayamba.

Ndi munthu wamfupi wa mapewa otambalala, woyenda ngati wachedwa ngakhale pa tsiku limene wafika woyamba. Tsitsi lawo layamba imvi, ndipo amangolimanga kumbuyo ndi kalabala. Kulukitsa anasiya kalekale. Amati mutu wa mphunzitsi wa ana aang'ono uli kale ndi owukoka okwanira. M'chikwama mwawo simupezeka galasi kapena zodzoladzola. Mumapezeka choko, chidutswa cha sopo, kowengera zikhadabo, ndi tinsalu tambirimbiri totsala pa makina a mng'ono wawo, amene ndi telala. Tinsaluti ndi ta mamina.

Ntchito ya tinsaluto imakula kuzizira kukatha, mitengo ikayamba kuphuka. Ena amaikonda nyengo imeneyi. Amati kunja kwawala, maluwa akongola. Mayi Tsekulani amangoti, "Olankhulawo sanakhalepo m'chipinda chimodzi ndi mphuno zonsezi." M'mawa kumazizirabe, masana dzuwa n'kuwomba, ndiye ana amabwera ndi majuzi n'kubwerera opanda majuzi. Mphepo imadzutsa fumbi pabwalo. Mungu wachikasu umadzaza m'mphepete mwa mawindo moti mwana angathe kulembapo dzina lake ndi chala. Kuyetsemula kumayambira kumbuyo, n'kumayenda mzere ndi mzere mpaka kufika kutsogolo. Maso amafiira, ena amabwera ndi manthongo, ndipo mkono wa yunifolomu umasanduka mpango.

Iwo amalimbana nayo nyengoyi ngati mlimi ndi udzu wa m'munda. Pakhomo pa kalasi pamakhala chidebe cha kampopi, ndipo palibe wolowa asanasambe m'manja. Osesa amayamba awaza madzi pansi. Wotsokomola amatsokomolera m'chigongono. Botolo la madzi ndi la mwini wake, osati la mzere wonse. Wokoka mamina amamva dzina lake kuchokera ku bolodi, aphunzitsi asanacheuke n'komwe: "Iwe, zimenezo si chakudya. Tenga kansalu." Aphunzitsi anzawo amawaseka kuti anaphonya ntchito, akanakhala namwino. Iwo sakwiya nazo. Koma mwana akajomba masiku otsatizana, amamanga nsapato zawo zafulati n'kukamuona kwawo, ndipo khalidwe limeneli ndi limene makolo ena amawaopera.

Chifukwa chake chili kunyumba kwawo, chimapalasa makina osokera pakhonde. Mng'ono wawoyo anali wanzeru kuposa iwo, ndipo Mayi Tsekulani amanena zimenezi poyera. Ali m'kalasi yachitatu anadwala maso, nyengo ngati yomweyi. Bambo awo anati, "Akhale kaye kunyumba, nyengoyi ipite." Maso anachira. Koma pofika nthawiyo n'kuti mtsikanayo atazolowera kulera khanda la m'nyumbamo, yunifolomu itaperekedwa kwa msuweni, ndipo anzake atapita patsogolo moti anachita manyazi kubwerera. Palibe amene anamuchotsa sukulu. Anangokhala kaye, mpaka lero. Mayi Tsekulani zimawawawabe, ndipo n'chifukwa chake desiki yopanda mwana imawasowetsa mtendere.

Chaka chimene tikunenachi, m'kalasi mwawo munali mtsikana wochepa thupi, wa miyendo yaitali, amene sankadziwa kuyenda: kulikonse ankangodumpha. Anzake anamutcha Kachiwala. Chiyambire chaka, zilembo zinkamukana. Ankazidziwa chimodzichimodzi, koma kuzilumikiza kuti zikhale mawu, ayi ndithu. Mayi Tsekulani anakhala naye nthawi yopuma nyengo yonse yozizira, chala pa buku, mpaka tsiku lina mwanayo anawerenga mzere wathunthu yekha, n'kudzidzimuka, n'kuyang'ana aphunzitsi ngati waswa kapu. Aphunzitsi anatuluka panja kukamina, chonsecho chimfine analibe.

Tsono m'kalasi imeneyi munali lamulo limene iwo eni analiyambitsa atangoyamba ntchito. Lachisanu lililonse ana ankawerenga mokweza, ndipo wowerenga bwino koposa ankapatsidwa dasita. Musaipeputse dasita. Kwa inu ndi kathabwa komata nsalu kofufutira bolodi. Kwa mwana wa kalasi yachiwiri ndi ufumu. Mwini dasita ankakhala pa desiki yoyamba, pansi penipeni pa bolodi. Phunziro likatha, iye ndi amene ankaimirira, onse akumuyang'ana, n'kufufuta zolemba za aphunzitsi. Nthawi yopuma ankapita nayo kuseri kwa kalasi kukaikuntha pakhoma. Ana analirirapo dasita imeneyi. Ena anaphunzira kuwerenga chifukwa cha iyo basi.

Kachiwala anaitenga dasita mitengo itangoyamba kuphuka, ndipo palibe anathanso kumulanda. Ankafufuta modumpha kuti afike pamwamba, lilime lili panja, mpaka bolodi kuda bii. Ankapita kwawo nsidze zili mbuu, akuyenda ngati walandira malipiro.

Chifuwa chake chinayamba ngati cha wina aliyense. Anapatsidwa kansalu, anauzidwa za chigongono. Koma cha anzake chinkatha, chake chinkakula. Kenako Mayi Tsekulani anayamba kumva kamluzu. Kalasi ikati zii polemba, pa desiki yoyamba pankamveka kaphokoso kopyapyala, kolowa ndi kutuluka limodzi ndi mpweya. Akamufunsa, mwanayo ankati, "Ndili bwino, aphunzitsi," n'kufumbata dasita yake. Tsiku lina, atabwera kopuma, analephera kumaliza mawu amenewo. Anakhala pansi, mapewa akukwera ndi kutsika, maso ali pa aphunzitsi. Mayi Tsekulani sanafunse chilolezo kwa munthu. Anamubereka kumsana, ndipo nsapato zafulati zija zinagwira ntchito yake mpaka ku chipatala chaching'ono cha kumapeto kwa msewu.

Anamwino anamuthandiza, mpweya unabwerera. Mayi ake a mwanayo atafika kuchokera koluka tsitsi, thukuta lili kamukamu, chipeso chikadali m'manja, anamwinowo anawauza onse awiri kuti ndi mphumu. Anapereka kampope kopopera mankhwala m'kamwa, n'kuonetsa kagwiritsidwe ntchito kake. "Ndipo muzimuteteza ku zimene zimaidzutsa," anatero. "Fumbi, utsi, mungu wa maluwa."

Pa zitatuzo Mayi Tsekulani anamvapo chimodzi. Fumbi? M'kalasi mwawo amawaza madzi asanasese. Utsi? Pasukulupo sawotcha zinyalala ana alipo. Nkhondo imeneyo anaipambana kale. Koma mungu! Kunja kwa mawindo awo kunali mtengo waukulu wa maluwa achikasu, umene nthambi zake zinkafika mpaka padenga. Anali nawo kale mlandu mtengowo, chifukwa chaka chilichonse ukayamba maluwa mawu awo ankasasa. "Lero ndakugwira," anatero mumtima.

M'mawa mwake anali mu ofesi ya ahedi.

"Nthambi za mbali yanga zidulidwe."

"Mayi, takhalani pansi."

"Ndikhala zikadulidwa."

Ahedi anavula magalasi. Ndi bambo wofatsa, wokonda mtendere ndi misonkhano. "Mtengo umenewu ndi mthunzi wa ana anu omwe. Masana amadyera pamenepo. Bwanji tidikire komiti?"

"Komitiyo ipuma m'malo mwa mwanayo?"

Ahedi anayesa mbali iyi, anayesa mbali iyo, koma kukangana ndi Mayi Tsekulani kuli ngati kukankha khoma. Masana omwewo alonda anakwera mumtengo ndi chikwanje, akung'ung'udza.

"Ine ntchito yanga n'kugwira akuba, mayi. Uyu waba chiyani?"

"Waba mpweya wa mwana. Dulani."

Nthambi zinagwa, maluwa achikasu ali mbwee bwalo lonse. Mbali ya kalasi yachiwiri inatsala pamtetete. Dzuwa linayamba kulowa mpaka pakati pa kalasi, ana n'kumadzikupiza ndi makope. Mayi Tsekulani nawo ankatuluka thukuta, koma monyadira.

Kachiwala anabwerera, kampope m'thumba, dasita m'manja. Sabata isanathe, kamluzu kaja kanabwereranso.

Lolemba lotsatira, amene anabwera ndi mayi ake, okha. Ndi mayi wachitsikana, woluka tsitsi pa kashedi ka pafupi ndi pokwerera basi, wa zala zachangu ndi pakamwa posazengereza. Anaima pakhomo, sanalowe.

"Aphunzitsi, ndabwera kudzakuuzani kuti musamudikire. Akhale kaye kunyumba, nyengoyi ipite."

Mayi Tsekulani anawazindikira mawuwo pomwepo. Anali mawu omwe aja a bambo awo, osasintha ngakhale limodzi.

"Mayi, mtengo tadula. Taonani nokha."

"Ndaona. Pepani ndi mtengo wanuwo. Koma pakhomo pathu pali mtengo ngati womwewo, maluwa ake amagwera mpaka m'ndowa. Loweruka ndi Lamlungu mwana amadumpha chingwe pansi pake tsiku lonse, osatsokomola ngakhale kamodzi. Akangobwera kuno, ndiye sitigona. Si mtengo, aphunzitsi. Ndi sukulu yanuyi."

"Kalasi yanga ndi yaukhondo kuposa ina iliyonse pano."

"Sindinati ndi yauve. Ndati mwana wanga ndi mmodzi yekhayu."

Anatembenuka n'kumapita, osadikira yankho.

Kunena zoona, chimene chinayamba kuwapweteka Mayi Tsekulani si mantha ayi, koma ulemu wawo. Iwo, a chidebe ndi sopo, kuuzidwa pamaso pa ana kuti kalasi yawo ikudwalitsa mwana! Anaphunzitsa m'mawa wonsewo nkhope itakwinyika, choko chikuthyokera m'manja. Pa desiki yoyamba panalibe munthu, panali dasita yokha. Ana angapo anakweza manja kuipempha. "Ili ndi mwini wake," anawayankha, n'kumafufuta okha.

Pofika nthawi yopuma dasitayo inali itakhuta choko moti inkangopaka bolodi m'malo mofufuta. Anaitenga n'kuzungulira kuseri kwa kalasi, malo amene anali asanapondeko zaka zambiri, poti imeneyo inali ntchito ya ana. Ndi kampata kopapatiza pakati pa khoma la kalasi ndi mpanda wa njerwa, kosadutsa mphepo. Pakhomapo panali chigamba choyera mbee, chachikulu ngati beseni. Chinali m'munsi, pamene pangafike nkhope ya mwana ataimirira. Pansi panali ufa wa choko, ndipo mu ufawo munali modinda tinsapato ting'onoting'ono, toyang'ana kukhoma.

Anamenya dasita kamodzi. Fumbi loyera linabuka, n'kuima pomwepo, osapita kulikonse. Linawalowa m'mphuno, m'maso, kukhosi. Anatsokomola mpaka misozi, dzanja lili pakhoma. Misozi ya chifuwa itatha, inabwera ina. Tsiku lililonse mwana uja ankaima pano yekha, n'kumakuntha ndi mphamvu zake zonse kuti aphunzitsi ake akondwere. Akatero ankakakhala pansi pa bolodi, pamene choko chimagwera, mpaka kuweruka. Ndipo amene anamuika pamenepo, monyadira, ana onse akuwomba m'manja, anali iwo.

Poweruka anadzera ku chipatala, dasita ili m'pepala. Anamwino anaiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Ndinati fumbi, mayi. Choko si fumbi?"

Anawauza kuti mungu nawo ungamuvutitse masiku ena, ndiye kampope kasamachoke pafupi, koma ichi chokha chichoke lero lomwe.

Kunyumba anapeza mng'ono wawo akupalasa makina. Anamufotokozera zonse ataimirira, chikwama chikadali paphewa. Telalayo anasiya kupalasa, n'kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ndiye mwadula mtengo wosalakwa, achemwali, wakuba ali m'chikwama mwanu?"

"Seka. Ukatha undisokere nsalu zochindikala zopukutira bolodi, zonyowetsa. Dasita yatha ntchito."

"Nsalu ndisoka. Koma mwanayo abwera bwanji? Mayi ake akakuonaninso akuthamangitsani ndi chipeso."

"Ndikawauza zoona."

"Zoti mwamudwalitsa ndinu? Ndiyetu mwawapatsa chifukwa chenicheni chomusungira kunyumba." Anadula ulusi ndi mano. Kuseka kunali kutamuthera. "Komabe pitani. Ine aphunzitsi anga sanabwere. Ndinkakhala pakhonde, mwana kumsana, n'kumayang'ana kumsewu. Ndinkati mwina lero."

Zaka zonsezi Mayi Tsekulani anali asanamvepo zimenezi. Analowa m'nyumba n'kukakhala pa bedi nsapato zili kuphazi, ndipo anakhala pamenepo nthawi yaitali.

Mkati mwa sabatayo anapita kukashedi kuja poweruka, ndipo mawa lake anapitanso. Yankho linali limodzi: "Ndili pantchito, aphunzitsi." Mayiyo sankanama, pa mpando panali mutu, pa benchi mitu ina ikudikira. Ndiye Loweruka m'mawa Mayi Tsekulani anafika woyamba, anakhala pa mpando wolukirapo, n'kumasula kalabala kaja.

"Ndabwera kudzalukitsa."

Mayi ake a Kachiwala anawayang'ana, n'kuyang'ananso imvi zija zitaima ngati tsache. "Inuyo?"

"Ndili ndi mutu ngati wina aliyense. Lukani ting'onoting'ono, totenga nthawi."

Wolukayo anauona msampha, koma kasitomala atakhala kale pa mpando ungamudzutse bwanji? Chipeso chinalowa. Kachiwala anali pambali pa shedi akudumpha chingwe. Ataona aphunzitsi ake atakhala chowerama, mutu uli m'manja mwa mayi ake, chingwe chinamugwa. "Kasewere uko," anatero mayi akewo, ndipo iye anapita chobwerera m'mbuyo.

Mayi Tsekulani anadikira kuti mzere woyamba uthe. Kenako, nkhope ili pansi monga amakhalira wolukitsa, ananena zonse: desiki yoyamba, kampata kosadutsa mphepo, chigamba choyera pakhoma, tinsapato mu ufa wa choko. Sanachepetse kanthu.

"Munanena zoona, mayi. Si mtengo. Ndine."

Zala zinaima. Kenako zinayambiranso, ndipo tsopano zinkakoka. Khungu la pamphumi linakwera m'mwamba, misozi n'kulengeza m'maso mwa aphunzitsi. Sanati mayo.

"Mukudziwa mmene zimakhalira," anatero mayiyo, "kukhala tsonga ndi mwana akusaka mpweya, iwe wopanda chomupatsa? Mchere umabwereka kwa aneba, aphunzitsi. Mpweya ungakaubwereke kwa ndani?"

"Sindikudziwa mmene zimakhalira. Inu ndi amene mukudziwa."

"Ndiye mukufuna ndimubwezere komweko?"

"Eya."

"Mulibe manyazi?"

"Ndili nawo ambiri. Koma manyazi anga asamutsekere mwana sukulu. Kokani tsitsili mmene mungafunire, lizuleni ngati mukufuna. Lolemba abwere."

Anawauza za mng'ono wawo, za yunifolomu imene inapita kwa msuweni, ndi za khonde loyang'ana kumsewu. Anawauza kuti dasita yachoka, bolodi lizipukutidwa ndi nsalu yonyowa, mwana azikhala kutali ndi choko, kampope kazikhala pamene dzanja lingafike, ndipo kamluzu kakangomveka, iwo eni adzamubereka monga anachitira tsiku lija. "Mubwere mudzaone nokha. Mukapeza fumbi, mutengeni mwana wanu, sindidzakuvutitsaninso." Apa pokha ananama pang'ono, ndipo onse awiri anadziwa.

Mayiyo analuka mpaka mzere womaliza, koma chakumapeto zala zinali zitafewa. Atamaliza anawapatsa kagalasi. Mayi Tsekulani anaonamo mayi wachilendo, nsidze zili m'mwamba ngati wamva nkhani yodabwitsa.

"Lolemba?" anafunsa.

"Musagonere mbali imodzi, muwononga," anatero wolukayo, n'kuitana wotsatira.

Pamsewu Kachiwala anali akuwadikira, chingwe atachikulunga kudzanja.

"Aphunzitsi, dasita yanga mwapatsa ndani?"

Mayi Tsekulani ananyonyomala kuti maso afanane. "Palibe, mwanawe. Dasita yatha. Ndi imene imakudwalitsa. Ndipo ukabwera sukhalanso kutsogolo."

"Koma ndinawerenga bwino."

"Unawerenga bwino kuposa onse."

"Nanga ndalakwa chiyani?"

"Sunalakwe. Ndinalakwa ndine."

Kwa mwana yankho limeneli ndi lopanda mutu. Aphunzitsi alakwe, wolandidwa akhale iye? Anatembenuka, n'kuthawira kuseri kwa shedi osatsanzika. Apa ndiye khoswe anali atakhala pa mkhate: chimene chinkamudwalitsa mwanayo n'chomwenso chinkamudzutsa m'mawa kuthamangira kusukulu. Mayi Tsekulani anaimirira, mawondo akulira. Tsopano anali ndi anthu awiri oti awagonjetse, ndipo sankadziwa ngati wagonjetsapo ngakhale mmodzi.

Masana omwewo, mutu ukuwawa, anali kusukulu ndi ndowa. Alonda, ataona malukidwewo, anavula chipewa.

"Pepani mayi, mukufuna ndani? Aphunzitsi a kalasi ino sabwera Loweruka."

"Tungani madzi, bambo inu."

Anatsuka bolodi, kathabwa ka m'munsi mwake koikapo choko, madesiki, mawindo, pamwamba pa kabati, mpaka chigamba cha kuseri chija. Madzi ankatuluka oyera ngati mkaka. Zinali zaka ndi zaka za choko, ndipo iwo anachita manyazi ndi ndowa iliyonse imene ankataya. Podutsa pa mtengo uja anaima, n'kuyang'ana mabala a chikwanje.

"Ziphukanso nthambizi?"

"Ziphuka," anatero alonda. "Mitengo sisunga chakukhosi. Koma mthunzi chaka chino muiwale."

Lolemba anaima pakhomo monga mwa masiku onse. "Tsekulani mawindo!" Ana anathamangira ku mawindo, koma maso ali pa mutu wa aphunzitsi, akuseka chobisa m'manja. Anasamba, analowa, belu linalira. Nsalu zatsopano zinali m'kabeseni ka madzi pafupi ndi bolodi. Desiki imene anakonzera Kachiwala, pakati pa kalasi chakukhomo, inali yopanda munthu. Mayi Tsekulani anayamba kulemba, nkhope ku bolodi, makutu onse kukhomo. Analemba mzere wautali, mwapang'onopang'ono.

Kenako kalasi inati zii. Anacheuka. Pakhomo panali mayi woluka tsitsi, atagwira mwana padzanja.

Mayiyo sanapereke moni. Analowa, ana onse akumuyang'ana, n'kulunjika ku bolodi. Anayendetsa chala pa kathabwa koikapo choko, kuchokera uku mpaka uko, n'kuchiyang'ana. Anaima ndi zala za kumapazi (pakuti anali wamfupi nayenso) n'kuyendetsa chala pamwamba pa kabati, n'kuchiyang'ananso. Anatuluka, anazungulira kuseri, ndipo anakhalako kanthawi. Atabwerera anaima pamaso pa aphunzitsi, n'kuwagwira chibwano, n'kuwatembenuza mutu uku ndi uku.

"Mwagonera mbali imodzi," anatero.

Anaika kampope pa tebulo n'kutuluka yekha.

Kachiwala anasamba m'manja osauzidwa. Anayang'ana desiki yoyamba, pamene tsopano panali poikapo mabuku, n'kupita pa malo ake atsopano akuyenda bwinobwino, osadumpha. Anakhala, anapinda manja, nkhope n'kuilozetsa kukhoma.

"Wadzuka bwanji, Kachiwala?"

Mwanayo anangoyang'anabe khoma.

Zinawapweteka Mayi Tsekulani, tisabise. Mwana uyu ndi amene ankawalandira chikwama ku geti. Koma ananena mumtima kuti: andide, palibe kanthu. Bola azindidera muno.

"Ndani atiwerengere mzerewu?"

Manja anakwera, la Kachiwala ayi. Analoza mwana wa kumbuyo. Mwanayo anayamba bwino, anafika pakati n'kukakamira pa liwu lalitali. Anabwerera, anayesanso, anakakamira pomwepo. Anayesa kachitatu. Pa desiki ya chakukhomo phazi linayamba kugunda pansi. Kenako Kachiwala zinamukwana. Osaimirira, osakweza dzanja, nkhope ili yokwinya, anauwerenga mzere wonsewo mokweza ndi mwaukali, kuyambira poyamba mpaka pamapeto, osapumira pakati, n'kubwezera nkhope yake kukhoma.

Ana anadikira kuti amva mawu otani, pakuti kulankhula usanalozedwe ndi mlandu m'kalasi imeneyi. Koma Mayi Tsekulani sanali kumvetsera zimenezo. Anaima chilili, choko m'manja, akumvetsera chotsatira. Mwanayo anakoka mpweya wautali, n'kuutulutsa. Anakokanso wina. Kamluzu kunalibe.

Anatembenukira ku bolodi, anapukuta ndi nsalu yonyowa, anadikira kuti liume, n'kulemba mzere wina wautali kuposa woyamba.